Fosiforasi wa mphesa ku Chipata: D Compound, TSP, manyowa kapena mwala wa ku Petauke?

Mphesa zambiri zomwe timaona m'masitolo aakulu muno mu Chipata zimachokera ku South Africa, ndipo kapaketi kamodzi kamadya ndalama yoti ikanagula ndiwo za masiku angapo. N'chifukwa chake anthu ayamba kubzala mipesa, wina iwiri itatu kuseri kwa nyumba, wina mizere ingapo kudimba. Mipesa ikangogwira pamabwera nkhani ya fataleza, ndipo kawirikawiri yankho limakhala lili kale m'nyumba: thumba la D Compound lotsala kumunda wa chimanga. Tinakula tikudziwa kuti mbewu imayamba ndi D, ndiye mpesanso timauthira D chaka ndi chaka, chikho chodzaza patsinde.

Ine ndikuona kuti pamenepa timataya ndalama, ndipo nthawi zina timawononga zipatso zomwe tikufuna kukometsazo. Mpesa umafunadi fosiforasi, chakudya cha mbewu chomwe chachuluka mu D, koma wochepa, ndiponso pamalo oti mizu imupeze. Njira zomupezera zilipo zingapo kuno kum'mawa, ndipo poziyeza tiyambe ndi mpesawo, tione chomwe umachita naye.

Chodabwitsa cha mpesa n'chakuti matsango a chaka chamawa amaumbika chaka chino. Mukayang'ana nthambi yobiriwira, pamene tsamba lalumikizana ndi nthambi pali kadiso. M'kati mwa kadiso kameneko timatsango tamawa timayamba kupangika pa nthawi yomwe mpesa ukuchita maluwa a chaka chino. Mpesa wosowa fosiforasi umapanga maso ambiri opanda kanthu. Mudzadulira bwino, mudzathirira bwino, mphukira zidzatuluka, koma zambiri zidzangokhala masamba. Matsango omwe atuluka amayoyola maluwa, zipatso n'kugwira zochepa. Choncho wothira fosiforasi lero pa mpesa wosowa asayembekezere kuona zonse pa zokolola zikubwerazi. Phindu lalikulu limaoneka chaka chotsatira.

Kusowako kumaonekanso pamasamba akale, a kumunsi kwa nthambi. Pa mitundu ya zipatso zofiira kapena zakuda, monga Red Globe ndi Crimson Seedless, tsamba limayamba timadontho tofiira pakati pa mitsempha, kuyambira cha m'mphepete, mitsemphayo ikadali yobiriwira. Pa mitundu yoyera monga Thompson Seedless, m'malo mofiira mumachita chikasu. Nthambi zimakhala zazifupi ndi zoonda, masamba aang'ono. Koma musathamangire kusitolo chifukwa cha tsamba lofiira lokha. Kusowa kwa magineziyamu kumafiiritsanso masamba akumunsi, matenda opinda masamba otchedwa leafroll nawonso amatero, ngakhale waya amene wamanga nthambi mothina amafiiritsa masamba onse a kumtunda kwake.

Nanga mpesa umadya wochuluka bwanji? Katswiri wina wa ku Stellenbosch ku South Africa, W. J. Conradie, anayeza zimenezi pa mipesa ya Chenin blanc cha m'ma 1980. Anapeza kuti pa tani iliyonse ya mphesa, mpesa wonse, kuwerengera masamba, nthambi ndi mizu, umatenga fosiforasi pafupifupi makilogalamu 0.7, potaziyamu pafupifupi 3, ndi nayitrojeni pafupifupi 4. Mtundu umenewo ndi wa vinyo, koma mphesa zodya sizitalikira kwambiri pa kagawidwe kameneka. Tiyeni tiwerengere pa lima imodzi, kotala ya hekitala. Mukabzala mamita 3 pakati pa mizere ndi mamita 2 pakati pa mitengo, mulowa mipesa yoposa pang'ono 400. Uliwonse ukabereka makilogalamu 10, ndiye matani 4. Fosiforasi wofunika pa matani amenewa ndi makilogalamu 3 basi, pomwe potaziyamu ndi 12. Manambala awiriwa muwasunge, chifukwa ndiwo oweruza mlandu wa D.

Anapezanso kuti mpesa umayamwa fosiforasi kwambiri kawiri pa chaka: kuyambira masabata angapo mphukira zitatuluka mpaka zipatso zitayamba kufewa ndi kusintha mtundu, kenako zokolola zitachoka, pamene mizu yatsopano ikutuluka. Kwathu kuno tikadulira nthawi yozizira, Juni kapena Julayi, kuti zipatso zipse mvula isanakhazikike, nyengo yoyambayo imagwera mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, dothi litauma gwa. Fosiforasi sayenda m'dothi louma. Ngakhale m'lonyowa amangosuntha pang'ono zedi kuchoka pomwe wagwera, mwina chala chimodzi kapena ziwiri. Yureya amasungunuka n'kutsika ndi madzi kukapeza mizu, koma fosiforasi ndi mizu imene iyenera kumupeza.

Dothi lathu limawonjezeranso vuto lina. Katondo wofiira wa ku Chipata, Katete ndi Chadiza ndi wofiira chifukwa cha chitsulo, ndipo chitsulo ndi aluminiyamu zimagwira fosiforasi monga momwe katondoyo amamatira pa malaya oyera, osachoka ngakhale muchape kangati. Dothi likakhala la asidi, pH yake (nambala yoyezera asidi, yomwe imatsika asidi akamachuluka) itatsika pansi pa 5.5, kugwirako kumakula. Minda yomwe yadya yureya ndi chimanga zaka zambiri popanda laimu nthawi zambiri imakhala itafika pamenepo. Mbewu zimapeza fosiforasi mosavuta pH ikakhala pakati pa 6 ndi 7.

D Compound

Pathumba palembedwa 10:20:10. Nambala yapakatiyo ndi fosifeti, ndipo fosiforasi weniweni mumamupeza mukachulukitsa ndi 0.44. Ndiye thumba la makilogalamu 50 lili ndi fosiforasi makilogalamu 4.4, nayitrojeni 5, ndi potaziyamu pang'ono kupitirira 4, kuphatikiza salufa. Ubwino wa D palibe angautsutse. Amapezeka kwa wogulitsa zaulimi aliyense kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, alimi amamudziwa, ndipo ambiri amamulandira kudzera mu FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi fataleza ndi mbewu. Pa mpesa waung'ono wa chaka choyamba ndi chachiwiri, womwe ukufunika kukwera pathandala ndi kukhwimitsa thunthu, D pang'ono amathandiza ndithu.

Pa mpesa wobereka ndi pomwe masamu amakana. Kuti mupeze fosiforasi makilogalamu 3 a pa lima aja, mukufunika D wokwana makilogalamu 35, osakwana thumba. Koma ameneyo akupatsani potaziyamu wosakwana makilogalamu 3, pomwe mipesa ikufuna 12. Mukati muwonjezere D mpaka potaziyamu akwane, muthira matumba atatu, ndipo fosiforasi adzakhala kanayi kuposa wofunika. D anasakanizidwa poganizira chimanga chomwe chikumera kumene, chokhala ndi timizu tochepa m'nyengo yaifupi. Mpesa uli ndi mizu yokhazikika yomwe imafufuza dothi lomwelo zaka makumi, ndipo umasunga chakudya m'thunthu ndi m'mizu kuti uyambire chaka chotsatira.

Fosiforasi wotsalayo sakokoloka ndi mvula monga nayitrojeni, amangounjikana patsinde chaka ndi chaka. Akachuluka amatsekereza zinki, makamaka pa dothi lamchenga lomwe zinki ndi wochepa kale. Mpesa wosowa zinki umatulutsa timasamba tating'ono kunsonga, nthambi zake mfundo pafupipafupi, ndipo tsango limakhala lapatalipatali: zipatso zazikulu zowerengeka, pakati pake timphesa tobiriwira tosakula ngakhale zinzake zitapsa. Tsango lotero simungaliike pa tebulo ku msika wa Kapata n'kutchula mtengo wabwino. Kusowa kwa boroni kumabweretsanso matsango ofanana ndi amenewa, ndiye pamafunika kuyeza, koma mlimi amene wakhala akukhuthula D zaka zisanu patsinde limodzi ayambe wakayikira zinki.

Pali china chobisika. Mizu ya mpesa imakhala limodzi ndi tinthu ta mtundu wa bowa totchedwa mycorrhiza, tomwe timatambasula ulusi wosaoneka ndi maso kutali ndi muzu n'kumakoka fosiforasi ndi zinki kubweretsa kumtengo. N'chifukwa chake mipesa yambiri padziko lapansi imakhala bwino pa dothi lomwe chimanga chikanafiira masamba. Fosiforasi wosungunuka akachuluka, mpesa umaleka kudyetsa tinthu timeneti, timachepa, ndipo mwataya antchito omwe amagwira ulere.

TSP ndi SSP, ndi nkhani ya dzenje

Ngati pali tsiku limodzi lomwe fosiforasi wogula amabweza ndalama yake yonse, ndi tsiku lokonza dzenje. Mpesa ukabzalidwa simudzakhalanso ndi mwayi wofika pansi pake popanda kudula mizu.

TSP (triple superphosphate) ndi fataleza wokhala ndi fosifeti 46 pa 100, ndiye thumba limodzi lili ndi fosiforasi weniweni makilogalamu 10, kuposa matumba awiri a D. Alibe nayitrojeni, choncho mutha kumuika wokwanira zaka zingapo osaopa kuti mpesa upenga ndi masamba kapena kupsa mizu. SSP (single superphosphate) ndi wofooka, fosifeti wake amakhala cha pa 18 mpaka 21 pa 100, koma amabwera ndi kashiamu ndi salufa wambiri. Pa dothi lamchenga, lomwe salufa amasowa kawirikawiri, SSP ndimamukonda kuposa TSP, ngakhale kuti kunyamula kwake n'kolemera kupitirira kawiri pa fosiforasi yemweyo. Vuto la onse awiri ndi kupezeka. M'timasitolo ta m'maboma ang'onoang'ono simungawadalire, ndipo nthawi zambiri muyenera kuuza wogulitsa akuitanitsireni kudakali nthawi. Poyerekeza mitengo musayang'ane mtengo wa thumba, gawani mtengowo ndi makilogalamu a fosiforasi ali m'katimo. TSP wooneka wodula amatha kutsika mtengo kuposa D mukawerengera motero.

Dzenje likhale masentimita 60 kuya, 60 m'lifupi ndi 60 m'litali, kapena ngalande ya kuya komweko ngati mukubzala mzere. Pa katondo wouma wa mu Ogasiti khasu limadumpha, ndiye thiranimo ndowa ya madzi madzulo, m'mawa mukumbe ndi piki. Dothi lapamwamba lakuda liikeni mbali ina, lofiira lapansi mbali ina. Lapamwambalo sakanizani ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola, muwazemo TSP cha pa magalamu 100 mpaka 150, kapena SSP kawiri ndi theka kake, ndipo libwerere m'dzenje pansi, pomwe mizu idzakhale. Pamwamba pake pakhale dothi lopanda fataleza kuti timizu ta mbande tisakhudzane ndi timibulu. Kuti mupeze fosifeti wa magalamu 100 a TSP kuchokera ku D mufunika magalamu 230, omwe abwera ndi nayitrojeni ndi mchere wochuluka pafupi ndi mbande yanthete. Zimatheka ngati mulibe china, koma muzamitse kwambiri ndipo mudikire masabata awiri atatu mukuthirira musanabzale.

Manyowa m'dzenjemo ali ndi ntchito ina kupatula chakudya chawo. Zowola zimakhala pamalo omwe chitsulo chikanagwirira fosiforasi, ndiye TSP wosakaniza ndi manyowa amakhala wopezeka nthawi yaitali kuposa wothiridwa pa katondo wosasakaniza kanthu.

Kwa amene mipesa yanu ili kale m'munda ndipo kuyeza kwaonetsa kuti ikusowa, musamwaze pamwamba. Kumbani kangalande masentimita 15 mpaka 20 kuya, kutalikira theka la mita kuchoka pathunthu, pamalo pomwe madzi othirira amafika nthawi zonse. Ikani fatalezayo m'kangalandemo pamodzi, mukwirire. Akakhala pamodzi amakhudzana ndi dothi lochepa, ndiye wogwidwa amachepa. Nthawi yabwino ndi mukangomaliza kukolola, mvula ili m'kati, dothi lili lofewa, mizu yatsopano ikutuluka.

Fataleza wina, DAP (diammonium phosphate), ali ndi fosifeti wofanana ndi TSP, 46, koma ndi nayitrojeni 18 pamwamba pake. M'dzenje la mbande sindimamufuna, chifukwa akasungunuka amatulutsa amoniya yemwe amawotcha timizu. Pa mipesa ikuluikulu atha kugwira ntchito m'kangalande, bola muchepetse yureya.

Laimu poyamba

Laimu alibe fosiforasi, komabe pa munda wa asidi ndiye njira yotsika mtengo kuposa zonse, chifukwa amamasula wina amene munathira kale zaka zachimanga, ndipo amaletsa aluminiyamu kupha nsonga za mizu. Mizu yopunduka singafufuze chilichonse ngakhale mutathira thumba lonse. Sankhani laimu wa dolomite, wokhala ndi magineziyamu, popeza mphesa zimavutika naye kawirikawiri pa mchenga. Alowe m'dothi miyezi iwiri kapena itatu musanaike TSP. Mukawasakaniza tsiku limodzi m'dzenje limodzi, kashiamu wa laimu amagwira fosifeti, mwagula ziwiri n'kuziphetsa zokha.

Kuchuluka kwa laimu musalote. Tengani dothi mbali zingapo za munda, lapamwamba mpaka masentimita 30 palokha, la masentimita 30 mpaka 60 palokha, chifukwa mpesa umadya pansi pomwe chimanga sichifika kwenikweni. Alangizi a m'dera lanu kapena a ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi, ku Msekera akuuzani komwe lingapimidwe, ndipo malabu aliponso ku Mount Makulu ku Chilanga ndi ku yunivesite ya UNZA. Pepala likabwera yang'anani mmene anayezera pH. Ku Zambia kuno nthawi zambiri amayeza mu calcium chloride, ndipo nambala yake imatsika ndi theka kapena kuposerapo poyerekeza ndi yoyezera m'madzi yomwe mabuku ambiri akunja amatchula. Wosadziwa zimenezi amaona 5.6 n'kuthamangira laimu amene sakufunika.

Za m'khola ndi za pamoto

Kwa amene ali ndi mipesa yosakwana makumi awiri, ine ndinganene kuti dzenje likakonzedwa bwino, manyowa okha akwanira kusunga fosiforasi zaka zonse zotsatira. Kum'mawa kuno ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku tili nazo. Ndowe za ng'ombe zili ndi fosiforasi wochepa, osafika ngakhale gawo limodzi pa 100, koma mpesanso ukufuna wochepa, ndipo ndowezo zimabwera ndi potaziyamu, zinki pang'ono, ndi mphamvu yosunga chinyontho mu Okutobala pamene dzuwa likuswa mtengo. Ndowa imodzi kapena ziwiri pa mpesa pa chaka, zokwiriridwa pang'ono n'kuphimbidwa ndi udzu, ndi chakudya choyenda mofanana ndi njala ya mpesa kuposa D.

Zitosi za nkhuku n'zamphamvu kangapo kuposa ndowe, pa fosiforasi ndi pa nayitrojeni pomwe. Apa ndi pomwe alimi okhala pafupi ndi makola a nkhuku za mazira amapitirira muyezo. Mpesa umasangalala, nthambi zimatalika mamita, masamba aakulu obiriwira bii, thandala lonse mdima. Pansi pa mdimawo matsango sapsa msanga, safiira bwino, mphepo sipita, ndipo mvula yoyamba ikagwa zipatso zimang'aluka n'kuola. Maso okulira mumthunzi nawonso sabereka bwino chaka chotsatira. Zitosi zikhale theka la ndowa kapena kucheperapo, zowola, ndipo osati chaka chilichonse. Manyowa osawola, odzaza mapesi, amaitana chiswe patsinde, ndipo chiswe cha kuno sichichedwa pa mbande yomwe yafooka ndi ludzu.

Mafupa ali ndi fosifeti wambiri. Owotchedwa mpaka kuyera n'kusinjidwa mumtondo amakhala ufa woti muike m'dzenje, ndipo amasungunuka pang'onopang'ono pa dothi la asidi pang'ono. Aawisi agalu amafukula. Ntchito yake ndi yaikulu, ndiye ndi njira ya mipesa yapakhomo, osati ya lima. Phulusa la nkhuni lili ndi fosiforasi wochepa, koma potaziyamu ndi kashiamu wambiri, ndipo limachepetsa asidi. Manja awiri pa mpesa pa chaka pa katondo ndi bwino.

Mwala wa ku Chilembwe

Ambiri sadziwa kuti chigawo chathu chili ndi mwala wa fosifeti. Uli ku Chilembwe, kumpoto chakum'mawa kwa Petauke, ndipo wina uli ku Kaluwe, ku Mumbwa ndi ku phiri la Nkombwa ku Isoka. Mtima umafuna kuti tingopera mwala wathu n'kuthira, tileke kudalira wochokera kunja. Koma mwala wa ku Chilembwe ndi wochokera ku miyala yamoto, wolimba, wosasungunuka msanga. Akatswiri omwe anauyesa pa mbewu anachita kuuthira asidi pang'ono kuti uyambe kugwira ntchito. Wopera chabe ukhoza kukhala m'dothi zaka mpesa osapindula nawo kwenikweni. Wa ku Minjingu ku Tanzania ndi wofewa ndipo umasungunuka bwino, koma nawonso umafuna dothi la asidi, pH pansi pa 5.5, lomwe ndi dothi lomwe mpesa sukondwa nalo. Mukathira laimu kuti mpesa ukondwe, mwala uja umagona. Pa mphesa njira imeneyi ndimaiika kumapeto.

Wopita ndi madzi, ndi wopopera

Amene mwaika timapaipi todontheza muli ndi mwayi womwe ena alibe. Pansi pa kadontho dothi limakhala lonyowa nthawi zonse, mizu imaunjikana pomwepo, ndipo fosiforasi wolowa ndi madzi pamalo amodzi amatsika kuposa womwaza. Fataleza wosungunuka m'madzi wotchedwa MAP (monoammonium phosphate) ali ndi 12:61:0, pomwe mnzake MKP (monopotassium phosphate) ali ndi 0:52:34, kutanthauza kuti alibe nayitrojeni koma ali ndi potaziyamu wambiri. Pa mpesa wobereka MKP amagwirizana ndi zofuna zake kuposa ena onse ogula, ndipo mutha kumupatsa pang'onopang'ono kuyambira mphukira zitatalika mpaka maluwa atagwira, m'miyezi youma yomwe wa m'kangalande amavutika. Mtengo wake ndi wokwera, ndiye ndi wa amene akugulitsa zokolola.

Chenjezo lake n'lalikulu. Musasakanize fataleza wa fosifeti ndi calcium nitrate, fataleza wa kashiamu ndi nayitrojeni, mu dramu imodzi. Madzi amasanduka oyera, pansi pamakhala phala, ndipo phalalo likalowa m'mapaipi limatseka timabowo, mizere ina n'kumauma inu mukuganiza kuti mukuthirira. Madzi a zitsime zina zakuya ali ndi kashiamu wambiri mwachilengedwe, monga aja amasiya zoyera m'ketulo, ndipo amachita chimodzimodzi. Yesani kaye m'botolo loonekera: madzi a pachitsime chanu, supuni ya fatalezayo, mugwedeze, musiye usiku wonse. Mukapeza zoyera pansi, musamulowetse m'mapaipi madziwo asanakonzedwe.

Wopopera masamba ndi wothandizira chabe. Tsamba limamwa fosiforasi wochepa, ndipo mankhwala okhathamira amawotcha masamba ndi kusiya zipsera pazipatso, makamaka kukatentha. MKP wopopera mopepuka madzulo amachepetsako nthenda ija yoyeretsa masamba ngati ufa, ndiye sindimuletsa, koma dothi losowa silichira ndi mpope.

Pano ndiwonjezepo chinthu chomwe chimasokoneza ambiri kusitolo. Pali mabotolo olembedwa phosphite kapena phosphorous acid, ena mpaka amakhala ndi manambala ngati a fataleza. Amenewa ndi othandiza kulimbana ndi downy mildew, nthenda yomwe imavutitsa mipesa yathu mvula ikayamba, ndipo pa ntchito imeneyo ndi abwino. Koma mpesa sungathe kudya fosiforasi wa mtundu umenewo. Wodyeka ndi wolembedwa phosphate. Mpesa wosowa mukaupopera phosphite umakhalabe ndi njala yake.

Nanga kutsekemera ndi mtundu?

Apa ndi pomwe anthu amayembekezera zambiri kwa fosiforasi. Mpesa womwe unali wosowadi, mukaupatsa umasintha moonekera: nthambi zimakula, matsango amachuluka, zipatso zimagwira zambiri ndipo zimalemera. Koma ukangokwanira, wowonjezera sawonjezeranso tsango ngakhale limodzi, ndipo sakweza shuga. Pa malonda a mayiko, mphesa zodya zimayembekezeka kufika madigiri 16 a Brix pa kachipangizo koyezera shuga. Chokufikitsani pamenepo ndi masamba athanzi owombedwa ndi dzuwa, potaziyamu wokwanira, madzi osadumphadumpha, ndi kulimba mtima kothothola matsango ena akadali aang'ono kuti otsalawo apse bwino. Mpesa wosenza matsango makumi asanu ndi limodzi pomwe mphamvu zake ndi za makumi atatu ubereka zowawasa, kaya muthire chiyani.

Mtundu wofiira nawo umadalira kwambiri kutentha. Mphesa zofiira zimafiira bwino usiku ukamazizira, pomwe kwathu zimapsa mu Okutobala ndi Novembala, usiku uli wofunda. Crimson Seedless amadziwika ndi vuto limeneli m'madera otentha. Chothandiza ndi kudulira msanga, kuchotsa masamba ena ophimba matsango kumbali ya dzuwa lam'mawa, ndi kuchepetsa nayitrojeni. Ndalama yomwe mukanagulira thumba lachiwiri ndi lachitatu la D ipite ku fataleza wa potaziyamu wotchedwa sulphate of potash. Muriate of potash ndi wotsika mtengo, koma kloraidi wake amatha kuwotcha m'mphepete mwa masamba pa munda wothirira m'chilimwe, pomwe palibe mvula yotsuka mchere.

Njira yodziwira ngati mipesa yobereka ikupeza fosiforasi wokwanira ndi kupimitsa timapesi ta masamba. Pa nthawi ya maluwa, thyolani tsamba loyang'anizana ndi tsango lakumunsi, mutaye tsambalo, musunge kaphesi kake. Sonkhanitsani timapesi 60 mpaka 100 m'munda wonse, mtundu uliwonse wa mphesa pawokha, muumitse pamthunzi mu envulopu ya pepala, osati m'pulasitiki momwe tingachite nkhungu. Fosiforasi akakhala pansi pa 0.1 pa 100, mipesa ikusowa. Akapitirira 0.15 mpaka 0.2 palibe chifukwa chogulira wina chaka chimenecho. Pepala lomwelo likuonetsani potaziyamu, magineziyamu, zinki ndi boroni, ndipo kawirikawiri vuto limapezeka kumeneko.

Zonsezi ndakamba ndikuganizira za kumtunda, kwa katondo ndi mchenga, komwe mvula imagwa mamilimita 800 mpaka 1,000 pa chaka. Anzathu a kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe ndi ku Mfuwe, nkhani yanu ndi yosiyana. Dothi lambiri kumeneko, makamaka la m'mitsanya, silikhala la asidi, ndipo lina lili ndi mchere. Chogwira fosiforasi kumeneko ndi kashiamu, osati chitsulo. Laimu ndi phulusa musathire, mafupa ndi mwala wopera sizisungunuka, ndipo DAP amataya nayitrojeni wake mumpweya. Oyenera ndi MAP kapena TSP m'kangalande pamodzi ndi manyowa, ndipo zinki muziyang'anira kuyambira chaka choyamba chifukwa pa dothi lotero amasowa msanga. Potumiza dothi ku labu nenani kuti ndi la kuchigwa, kuti ayeze fosiforasi ndi njira ya Olsen, popeza ya Bray 1 yomwe imagwiritsidwa ntchito pa dothi la asidi imapereka nambala yolakwika pa dothi la kashiamu wambiri.